WAKUTSINA KHUTU NDI MNANSI: ZA MANAMBALA A KUPIMA KORONA

 Ya lero ndi yaitali, ndiye amene muli pa msika iyambeni makasitomala akachepa.

Mu June 2021, tsiku lililonse wailesi inkatiwerengera manambala atatu: apimidwa angati m'maola 24 apitawa, apezeka ndi korona angati, amwalira angati. Popeza Paliamenti inathetsedwa mu May 2021 ndipo nduna zinachoka pa mipando, amene ankatiuza za matendawa anali mlembi wamkulu wa mu Unduna wa Zaumoyo, ba Dr Kennedy Malama. Tinkamvetsera, tinkagwedeza mutu, basi. Koma wina angofunsa kuti, "Nanga mwa masauzande amene apimidwawa, a ku Luangwa ndi angati?" pomwepo pauka anthu omutseka pakamwa. Ati akunyoza boma. Ati ndi kada wa chipani chotsutsa. Ati nthawi ya maliro si nthawi ya mafunso, makamaka mu June 2021 pamene dziko lonse linkalira ba Kaunda.

Ine ndaima ndi wofunsayo, ndipo ndifuna nanunso muime naye. Nambala ya anthu opimidwa payokha siichiritsa munthu. Imakhala ndi phindu pokhapokha titadziwa kuti anapimidwa ndani, kuti, zotsatira zinabwera liti, ndipo wodwalayo anathandizidwa bwanji. Wofunsa zimenezi sakulimbana ndi dziko lake ayi. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Mwina mukuti, ife ogulitsa nsomba ndi masau, manambala a ku Unduna atikhudza pati? Tamverani. Pa 17 June 2021 masukulu anatsekedwa, ana athu anakhala pakhomo. Tinauzidwa kuti mapemphero asapitirire ola limodzi, ndipo tinamvera. Tinauzidwanso kuti pa maliro asapitirire anthu 50, ndipo mukudziwa nokha kuwawa kwake kuuza mlamu wako kuti iwe utsale. Malamulo onsewa anatuluka m'manambala aja. Nambala imene ili ndi mphamvu yotseka sukulu ndi kuchepetsa anthu pa manda a mayi wako, uli ndi ufulu woitembenuza ndi kuiona kumimba, monga umatembenuzira pende wouma usanapereke ndalama.

Inu amalonda mumva msanga. Mwaoda mitanga khumi ya nsomba. Mwatsegula umodzi chabe, mwapezamo ziwiri zoola. Kodi mungauze mnzanu kuti m'katundu yense zoola ndi ziwiri? Iyayi. Ziwirizo ndi za mu mtanga umene mwatsegula. Isanu ndi inayi ija simunaione. Ndi mmene zilili ndi nambala ya "apezeka ndi korona". Imangokamba za anthu amene afikiridwa ndi kathonje ka m'mphuno kaja. Ukapima pang'ono upeza pang'ono, ndipo dera limene silinapimidwe limaoneka la thanzi pa pepala ngakhale makasu a kumanda sakupuma.

Nchifukwa chake pa 16 March 2020 mkulu wa bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, Dr Tedros Adhanom Ghebreyesus, anauza maiko kuti apime aliyense amene akuganiziridwa kuti ali ndi matendawa. Patangopita masiku awiri, pa 18 March, Zambia inalengeza odwala ake awiri oyamba, bambo ndi mayi amene anabwera kuchoka ku France. Mu May chaka chomwecho WHO inaperekanso muyeso wina wosavuta: dziko lisanafewetse malamulo, mwa anthu 100 opimidwa, opezeka ndi matenda asapitirire 5, ndipo zikhale choncho kwa masabata awiri. Akapitirira pamenepo ndiye kuti matenda akuthamanga kuposa opima, ndipo odwala ambiri akudutsa osaonedwa. Mu June 2021, masiku ambiri, mwa anthu anayi kapena asanu opimidwa mmodzi ankapezeka nawo. Werengerani nokha: ndi anthu 20 mpaka 25 pa 100. Amene ankafuula kuti kupima sikukwanira sankapeka. Muyeso wa WHO ndiwo ukukamba.

Koma pali msampha wina, ndipo apa ndipamene ndifuna mutchere khutu. Anthu akafuula kuti "pimani ambiri", andale amayankha ndi nambala yaikulu yozungulira bwino, yokoma kuitchula pa wailesi. Tiyeni tione zimene zinachitika ku Britain, dziko lolemera, la malabu ambirimbiri. Pa 2 April 2020 nduna yawo ya zaumoyo, Matt Hancock, inalonjeza kuti pofika kumapeto kwa mweziwo azidzapima 100,000 pa tsiku. Pa 1 May inaimirira monyadira nkulengeza kuti tsiku lomaliza la April anafika pa 122,347. Atolankhani atafukula anapeza kuti pafupifupi 40,000 mwa nambala imeneyo zinali zipangizo zimene zinangotumizidwa kunyumba za anthu ndi kumalo ena. Zinawerengedwa tsiku limene zinatuluka, zisanalowe m'mphuno mwa munthu, zisanabwerere ku labu. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Iwo anawerengera ndi wa pachala yemwe.

Pa 2 June 2020 Sir David Norgrove, mkulu wa bungwe loyang'anira ziwerengero za boma kumeneko, analembera nduna ija kalata poyera. Anaidzudzula kuti manambala ake ndi osakwanira, ndi ovuta kuwamva, ndipo akuoneka kuti cholinga chake ndi kuonetsa nambala yaikulu mmene ingathekere. Munthuyo sanali wa chipani chotsutsa. Anali pa nchito yake yoteteza chilungamo cha manambala, ndipo anaigwira.

Ndimveni bwino. Palibe amene akunena kuti kuno kwathu kwachitika chinyengo chofanana ndi chimenecho. Phunziro lake ndi lakuti nambala ikasanduka lonjezo, anthu amayamba kuthamangitsa nambala mmalo mothamangitsa matenda. Ndipo nambala yaikulu imabisa zambiri ngakhale palibe wonama ndi mmodzi yemwe. Ukauzidwa kuti udzaze thumba dzuwa lisanalowe, utola masau a pansi pa mtengo wa pafupi ndi nyumba. Sungapite kutchire kumene kuli njovu. Chimodzimodzi, njira yachangu yodzazira nambala ya tsiku ndi kupima anthu amene ali pafupi ndi labu: a pa eyapoti, a m'maofesi, ofuna ziphaso za ulendo. Onsewo ndi anthu, apimidwe ndithu. Koma nambala ingakwane ndi kusefukira popanda galimoto imodzi yokhotera kuno pa Luangwa Bridge.

Ngati mukuganiza kuti izi ndi nkhani za m'mutu mwanga, mverani zimene madokotala athu a muno mu Zambia anapeza. Mu July 2020 gulu lotsogozedwa ndi Prof Lloyd Mulenga, wa mu Unduna wa Zaumoyo womwewo, linayenda khomo ndi khomo m'maboma asanu ndi limodzi: Lusaka, Kabwe, Ndola, Solwezi, Livingstone ndi Nakonde. Linapima anthu wamba m'nyumba zawo, odwala ndi osadwala omwe. Zotsatira zinatuluka mu magazini ya Lancet Global Health mu March 2021. Anawerengera kuti m'maboma amenewo anthu pafupifupi 454,000 anali atagwidwa kale ndi kachilomboka kuyambira March mpaka July 2020. Amene anali m'mabuku a boma anali 4,917. Ndiye kuti pa munthu mmodzi wolembedwa panali ena pafupifupi 92 osalembedwa. Ndipo awa ndi maboma a matauni ndi misewu ikuluikulu, kumene opima amafikako. Luangwa munalibe m'kafukufukuyo.

Kafukufuku wachiwiri ndi wowawa kwambiri. Dr Lawrence Mwananyanda ndi anzake anapita ku mochale ya UTH pakati pa June ndi September 2020, napima mitembo ndi chilolezo cha abale. Mwa mitembo 364 imene zotsatira zake zinatuluka, 70 inali ndi kachilombo ka korona. Mwa anthu 70 amenewo, 51 anafera kunyumba kapena panjira, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe mwa iwo amene anapimidwa ali moyo. Mwa 19 amene anafera m'chipatala, opimidwa anali 6 chabe. Zinalembedwa mu magazini ya BMJ mu February 2021. Abale, uku ndi ku Lusaka, kumene kuli malabu aakulu a dziko lino. Anthu 64 mwa 70 anatsikira kumanda opanda wodziwa kuti anali ndi kachilomboka, ndipo wailesi siinawawerenge. Ngati zinali choncho pa khomo la UTH, kuli bwanji kuno kumene bwato ndi njinga ndiyo ambulansi ya ambiri?

Tsopano tibwere kwathu. Boma la Luangwa lili m'chigawo cha Lusaka. Pa kalembera wa 2010 tinali anthu oposa 24,000 pang'ono, pamene mzinda wa Lusaka unali ndi oposa miliyoni imodzi ndi theka. Mukamva kuti "chigawo cha Lusaka chapima masauzande akuti", ife tili mkati mwa mawu amenewo, koma tili ngati kapenta m'mimba mwa mcheni. Chigawo chingaoneke chopimidwa bwino koposa zonse m'dziko muno, pamene ku Kavalamanja, ku Kakaro ndi ku midzi ya m'mbali mwa Luangwa sikunafike kathonje ndi kamodzi komwe sabata yonse. Nambala ya chigawo singakuuzeni zimenezo. Nchifukwa chake wofunsa uja akufuna nambala ya boma lathu, ya kiliniki yathu.

Ganizirani ulendo wa kathonje kamene kachotsedwa m'mphuno mwa mayi wa kuno, ngati kafunika kupimidwa ndi makina a PCR. Kaikidwe m'kabotolo, kabotolo m'bokosi lozizira. Kafike ku Boma. Kuchoka ku Feira kufika pa Bridge ndi makilomita pafupifupi 90, kenako Great East Road ndi mapiri ake, ulendo wonse mpaka ku Lusaka makilomita oposa 300. Kumeneko kakaime pa mzere ndi ena masauzande. Zotsatira zibwerenso, zimupeze mwini wake. Koma madokotala amati munthu amapatsira anzake kwambiri m'masiku oyambirira, chifuwa chitangotsala pang'ono kuyamba ndi chitangoyamba kumene. Zotsatira zikabwera patapita sabata, mayi uja wakwera kale basi, wagulitsa ku Soweto Market, wagona kwa mlongo wake ku Chawama, wabwerera, wakhala pa maliro usiku wonse. Pa wailesi awerengedwa ngati "wopimidwa", nambala yakwera ndi mmodzi. Koma kupima kumeneko kwateteza ndani?

Ndipo ulendo wa timabotoloti wadya kale moyo wa munthu. Kumayambiriro kwa May 2020, mnyamata wa nchito ya mu labu ku chipatala cha ku Zambezi, m'chigawo cha North-Western, anatumidwa kukasiya zopimidwa za korona ku Ndola pa basi ya anthu wamba. Basiyo inagwera mu mtsinje wa Kabompo, ndipo iye anali mmodzi mwa amene anafa. Dziko lonse linakwiya, ndipo Pulezidenti Edgar Lungu analamula kuti nkhaniyo ifufuzidwe. Amene anakwiya nthawi ija, kodi anali kunyoza boma? Anali kufunsa funso limene tikufunsa leroli: kumbuyo kwa nambala imene mwatiwerengera, anthu akutali akufikiridwa motani, ndipo ndani akulipira mtengo wake?

Njira zina zilipo, ndiye musalole wina akuuzeni kuti kutali ndi kutali basi. Makina a GeneXpert, amene zipatala zambiri za m'maboma zimapimira TB, amathanso kupima korona ola lisanakwane. Vuto lake ndi timabokosi tolowetsa m'makinamo, timene mu 2020 tinkagulidwa pafupifupi madola 20 kamodzi ndipo tinkasowa. Bungwe la Médecins Sans Frontières lakhala likudandaula poyera kuti mtengowo utsike kufika pa madola 5. Palinso tozipimira tachangu tofanana ndi kaja ka malungo kamene a zaumoyo a m'midzi amayenda nako. Pa 28 September 2020 WHO ndi mabungwe anzake analengeza kuti tokwana 120 miliyoni tipita ku maiko osauka pa mtengo wosapitirira madola 5. Timapereka yankho m'mphindi 15 mpaka 30, popanda magetsi, popanda galimoto. Sitigwira bwino ngati PCR, koma kwa munthu amene wayamba kumene kutsokomola ndi kutentha thupi timathandiza kwambiri. Ngati pali malo amene tozipimira timeneti tinapangidwira, ndi malo ngati kuno. Choncho funso lakuti "kiliniki yathu yalandira tingati mwezi uno?" ndi funso la nzeru, osati la mwano.

Musaiwalenso kuti ife tili pa malire a maiko atatu. Kutsidya kwa Luangwa ndi ku Zumbo, kutsidya kwa Zambezi ndi ku Kanyemba. Anthu amawoloka kudzagula, kudzagulitsa, kudzaona abale, kudzafuna mankhwala, ndipo ife timawolokanso. Kachilombo sikasonyeza chiphaso pa doko. Mukukumbukira za Nakonde? Mu May 2020 a zaumoyo atapita kukapima anthu ambiri m'tauni ya pa malire ija, anapeza odwala ochuluka mpaka malire anatsekedwa pa 11 May. Matendawo sanabadwe tsiku limene opima anafika. Analipo kale, kungoti panalibe amene anatsegula mtangawo. Akulu a kuno akumbukira 6 March 1978, pamene ndege ndi asilikali a Ian Smith anaukira Kavalamanja. Anthu a kuno anafa chifukwa chokhala pa malire, ndipo mwezi wa March akuluakulu amabwera kudzawakumbukira. Timayamikira. Koma njira imene imabweretsa nkhata za maluwa ingabweretsenso bokosi la zopimira. Tikumbukiridwe tikali moyo.

Tsopano ndiyankhe amene akutiletsa kufunsa, chifukwa ena mwa iwo ndi anthu abwino, timapemphera nawo limodzi.

Ena akuti boma lilibe ndalama, tilimvere chisoni. Zoona, ndalama zavuta. Mu November 2020 Zambia inalephera kulipira ngongole yake ya kunja, ndipo mu June 2021 dola imodzi inali itadutsa K22, pamene mankhwala a mu labu amagulidwa ndi madola. Koma ufa ukachepa m'nyumba, mpamene mayi amayang'anitsitsa mbale ya mwana aliyense. Zinthu zikachepa, funso la kagawidwe ndiye limakula. Ndipo kunena zoona sikufuna dola. Kutiuza kuti "boma la Luangwa lalandira zopimira zakuti, zatha tsiku lakuti, zina zibwera tsiku lakuti" ndi kwaulere. Munthu akadziwa kuti zopimira kulibe, amadzisamala. Akamva chabe kuti masauzande apimidwa, amagona tulo poganiza kuti alonda ali maso. Kumbukiraninso za mu January 2021, pamene komiti ya Paliamenti yoona za ndalama za boma inamva kuti magolovesi ndi makondomu amene analephera mayeso anali atagawidwa kale m'zipatala. Patapita masiku ochepa, pa 10 January, nduna ya zaumoyo Dr Chitalu Chilufya inachotsedwa pa mpando. Pakanapanda anthu ofunsa, tikanazidziwa bwanji?

Ena ankati izi ndi ndale, chisankho chinali pa 12 August 2021. Abale, kachilombo kalibe khadi la chipani. M'mawodi a oxygen munagona a mitundu yonse ya malaya. Funso limeneli tifunse wa PF, tifunse wa UPND, tifunse woima payekha, ndipo amene adzapambane tidzamufunsenso. Ngati inu mumafunsa pokhapokha pamene akulamula ndi a chipani chimene simuchikonda, ndiye kuti ndinu kada ndithu. Koma ngati mumakhala chete chifukwa akulamula ndi anu, ndinu kadanso. Onse awiri simukuthandiza odwala.

Ena akuti tikufooketsa anamwino. Apa ndiye ndikana kwamtuwagalu. Namwino wa pa kiliniki ya kumudzi si amene amaika nambala ya dziko, si amene amagawa mafuta a galimoto. Iye ndi amene amatukwanidwa zotsatira zikachedwa, ndi amene amapuma mpweya wa wodwala aliyense wotsokomola asanadziwe chimene akudwala. Tikamafunsa za zopimira, tikumumenyera nkhondo iyeyo. Ndipo ndikupemphani, mkwiyo wanu musakautulire pa iye. Kutukwana namwino chifukwa zopimira zatha kuli ngati kumenya wopalasa bwato chifukwa madzi aphwa.

Koma sindingamalize ndisanatsine khutu la mbali inayi, chifukwa nayonso ili pakati pathu. Alipo amene akamva kuti manambala ndi operewera amalumpha nkunena kuti, "Mwaona? Korona kulibe, ndi njira chabe yodyera ndalama za azungu." Ena ati ndi matenda a anthu a ku tauni, kuchigwa kuno kumatentha, kachilombo sikangakhale. Inu, mwamva nkhani mozondoka. Mafukufuku awiri aja sanapeze kuti odwala ndi ochepa kuposa amene boma limanena. Anapeza kuti ndi ambiri koposa. Kudzudzula nambala yoperewera nkumati matenda kulibe kuli ngati kupeza kuti mlonda anawerenga ng'ona ziwiri pamene zili makumi awiri, iwe nkuvula malaya kukasamba.

Njira imeneyo anayenda anansi athu a ku Tanzania. Mu May 2020 Pulezidenti John Magufuli ananena kuti anatumiza mwachinsinsi zopimidwa za mbuzi ndi papaya ku labu ndipo zinapezeka ndi korona. Dziko lija linasiya kulengeza manambala ataima pa odwala 509, ndipo kwa chaka chathunthu anthu ankaika maliro mumdima, osadziwa kukula kwa mliri. Mtsogoleri watsopano, mayi Samia Suluhu Hassan, anachita kukhazikitsa komiti ya akatswiri mu 2021, ndipo komitiyo inalangiza kuti manambala ayambenso kulengezedwa. Sikelo ikakhota timaiwongola, sititaya sikelo nkumagulitsa mwa maloto. Boma lathu, ndi zofooka zake zonse, mu 2021 linkawerengabe ndipo linkalengeza. Pamenepo tiliyamikire, kenako tilifunse kuti liwerenge bwino.

Nafenso tili ndi kagawo kathu pa kukhota kwa manambalawa. Ndi angati mwa ife amene chifuwa chikayamba amameza panado nkukwera basi mwakachetechete, kuopa kuti akapimidwa auzidwa kukhala pakhomo? Sindikukuweruzani. Ndikudziwa kuti masiku okhala pakhomo ndi masiku amene nsomba zikuonongeka, wa kaloba akugogoda, ana akufuna nsima. Ichi ndi chifukwa china chimene nambala yokha siikwanira: kupima munthu nkumuuza kuti akhale m'nyumba popanda chakudya ndi kumuphunzitsa kuti ulendo wina asadzabwerenso. Izi boma lizimve. Koma ifenso, a chilimba chimodzi, a benchi limodzi la pa msika, tingagwirizane kuti mnzathu akapezeka nawo timugulitsire katundu wake ndi kumusiyira ufa pakhomo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo inu amene mumayenda m'malire, chiphaso cha korona chogula kuseri popanda kupimidwa ndi sikelo yachinyengo. Simungadzudzule boma pa manambala muli ndi pepala labodza m'thumba.

Ndiye tichite chiyani? Nthawi ya kampeni ofuna ukhansala ndi uphungu amayenda khomo ndi khomo. Akafika, musangolandira chitenge nkuombera m'manja. Mafunso ndi awa, ndipo muwaperekenso kwa a Neighbourhood Health Committee, kwa anyakwawa, ndi kwa a ofesi ya zaumoyo ku Boma, mwaulemu koma osachita manyazi:

1. Sabata yatha, m'boma la Luangwa mwapimidwa anthu angati, ndipo pa kiliniki iliyonse angati? Anthu, osati timabotolo.
2. Mwa amenewo, ndi angati anapezeka nawo?
3. Kuchokera tsiku lopimidwa kufika tsiku limene munthu wamva zotsatira, pakupita masiku angati?
4. Tozipimira tachangu tilipo tingati, ndipo tikatha timabweranso patapita nthawi yaitali bwanji?
5. Munthu akapezeka nawo, ndani amamuyendera, ndipo mpweya ukayamba kumuthera, oxygen ya pafupi ili kuti?

Mayankho ake alembedwe pa pepala, amatidwe pa khomo la kiliniki ndi pa msika, monga amamatira zotsatira za chisankho pa khomo la sukulu. Ngati timatha kudziwa mavoti a pa siteshoni iliyonse usiku womwewo, mpaka voti imodzi, tingalephere bwanji kudziwa odwala a pa kiliniki iliyonse pa sabata? Akakuyankhani ndi nambala ya dziko lonse, muwathokoze, kenako mubwereze funso. Akanena kuti sakudziwa, muwapemphe akafunse abwere nalo yankho. Akakutchani kada, musabweze mawu oipa. Muwauze kuti mwafunsa chifukwa amayi anu ali ndi shuga ndipo akutsokomola.

Pakali pano, amene mwayamba kutentha thupi, kutsokomola, kapena simukumva fungo ndi kukoma kwa chakudya, pitani ku kiliniki mukapemphe kupimidwa. Olo akuuzeni kuti zopimira zatha, dzina lanu lalembedwa, ndipo mudzipatule ngati kuti mwapezeka nawo. Valani masiki m'basi, m'bwato ndi pa maliro. Sambani m'manja. Katemera amene anafika mu April 2021 anali 228,000 chabe m'dziko la anthu pafupifupi 18 miliyoni, ndiye wina akafika kuno, akuluakulu ndi odwaladwala tiwatsogoze.

Amene muli ndi odwala m'nyumba, limbani mtima. Amene mwataya abale mwezi uno, tili nanu. Werengerankoni uthengawu agogo ndi anansi amene alibe foni. Ambuye akusungeni, muyende bwino pa madzi ndi pa msewu.